Kumene ophunzira masaji amakagwira ntchito

Womaliza maphunziro a kutikita minofu, kumene ambiri amati masaji, ali ndi kolowera kwambiri. Ochuluka amayambira m'mahotela, monga a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Ena amalembedwa ndi matimu a mpira. Pa mpikisano wa njinga wa Tour de France, wotikita amakonzanso zakumwa ndi kamba wa okwera njinga, ndiye ntchito yake simathera pa miyendo yotopa ayi. Kuchipatala amathandizana ndi akatswiri a mafizo, koma kupima matenda si gawo lake. Wofuna kudziimira payekha amagula bedi lopinda n'kumayendera makasitomala m'makomo. Koma si kulikonse kumene aliyense amaloledwa kutikita: ku South Korea, lamulo limapereka chiphaso cha ntchitoyi kwa anthu a vuto la kuona okha.