Cikondi cha m'Baibulo la agogo

Aphunzitsi anzanga, lero ndiulule. Chaka china ndinadula ndi cholembera chofiira mawu oti "cikondi" m'chimangirizo cha mtsikana wa Fomu 2. Anabwera ku ofesi misozi ili chuchuchu. Anati anaphunzira kuwerenga m'Buku Lopatulika la agogo ake, lomasuliridwa mu 1922, momwe "ch" amalembedwa "c". Anzathu ku Zambia amalembabe choncho. Ine ndinangomuyankha kuti malamulo a Chichewa Board a 1973 salola zimenezo, basi.

Patapita mwezi ndinapita ndi kalasiyo ku Chentcherere, amodzi mwa malo 127 a zojambula pamiyala ku Chongoni, omwe UNESCO inawazindikira mu 2006. Tinaona mizere yofiira ya Akafula komanso zojambula zoyera za Achewa amene anabwera pambuyo pawo. Mtsikana uja anandifunsa chapansipansi: "Aphunzitsi, nanga zofiirazi, nazonso n'zolakwika?"

Ndinasowa chonena.

Pamayeso a MANEB lembanibe "chikondi", ana inu. Koma masiku ano ndikapeza "c" ali yekha, ndimayamba ndamufunsa mwanayo kumene anaphunzirira kuwerenga. Mwana wanga, ngati ukuwerenga izi, pepa.