Ulendo Wathu wa ku Chirimba



Tsiku lina m'mamawa tidanyamuka mu Blantyre, natsata mseu wopita ku Chileka, kuti tikacheze ndi Akhristu anzathu a ku Chirimba. Kumanzere kwathu kudali phiri la Michiru, kumanja la Ndirande. Panjira tidakumana ndi anyamata ochuluka akukankha njinga zosenza matumba a makala, thukuta lili kamukamu. Tsono tidadzifunsa kuti: kodi makala onsewa ngachiyani m'mudzi umene nthambo za magetsi zili pamutu penipeni?

Pafupi ndi msika tidapeza bambo wina wowotcherera zitsulo atangokhala pa mpando, pakuti magetsi adali atazima. Iye adati: "Aphunzitsi, kuzima kokha ndikadapirira. Chondisautsa nchakuti sindidziwa za mawa. Ndifuna kugula makina ena, koma nanga ndalama ikagwanso mphamvu, ngongole ndidzabweza ndi chiyani?"

Mawu akewo ngoona. M'mwezi wa May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu November 2023 ndi magawo 44. Nthambo, mamita ndi makina ambiri a magetsi timagula kunja. Choncho kwacha ikagwa, mtengo wake umakwera, ndipo ntchito yofikitsa magetsi kwa anthu imachedwa. Wachigayo, wometa ndi wosoka zovala onse amaopa kuyamba chinthu chatsopano pamene malamulo a chuma angasinthe usiku umodzi.

Taonaninso kumene magetsiwo achokera. Ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire: ku Nkula, kumene makina oyamba adayamba kugwira ntchito mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu January 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kufikira chaka cha 2023. Mitengo ikatha m'mapiri, dothi limakokolokera mu Shire ndi kutseka njira za madzi opita ku makina. Motero thumba la makala ndi mdima wa ku Chirimba nzapachibale: magetsi akasowa anthu agula makala, makala akachuluka magetsi asowanso.

Inu a kumidzi mwina mukuti: "Amenewo ndi mavuto a m'tauni." Ndithu kusiyana kulipo. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti m'matauni pafupifupi theka la mabanja lidali ndi magetsi, koma kumidzi mabanja 4 okha pa 100 alionse. Komabe makalawo amachokera kwanu, ndipo phiri likayera, chitsime chimene chiuma nchanu.

Madzulo tidapemphera Korona m'nyumba ya mayi wina wamasiye, kanyale koyendera dzuwa kakutiunikira. Adatiuza kuti amayi a Mphakati wawo adasonkherana ndalama, nagula tinyale totere kamodzikamodzi kufikira aliyense adalandira kake, ndipo tsopano ana amawerenga usiku popanda utsi wa koloboyi.

Tsono abale, chitani chomwecho m'Miphakati yanu. Bzalani mitengo mvula ikagwa, ndipo phikirani pa mbaula zosatha nkhuni. Musaiwalenso kupempherera otilamulira, kuti Mulungu awapatse nzeru zoyendetsera chuma mokhazikika, mmisiri wosauka uja athe kudziwa za mawa lake.

Ambuye akudalitseni nonse ndi ana anu.