Amalume Sanadyetsedwe

Amalume anga anamwalira mu Ogasiti 1996, mtedza utangolowa m'nkhokwe. Anali munthu wamphamvu zake, mlimi wa fodya ndi mtedza wodziwika kwathu ku Mchinji, ndipo ndi iwo amene ankandilipirira fizi kusekondale. Matenda awo anayamba ngati masewera. Poyamba ankangodandaula kutopa ndi kusafuna chakudya. Kenaka maso awo anasanduka achikasu, miyendo inatupa, mimba nayo inakula ngati ya mayi woyembekezera pamene thupi lonse linali kutha. Sabata yomaliza ankasanza magazi ndipo sankazindikiranso anthu.

Kwathu imfa yotere siichitika yokha. Akuluakulu anapita kukaombeza ndipo anabwerako ndi yankho lakuti amalume anadyetsedwa. Chala chinaloza akazi awo, amene anawatengera pamudzi pathu mwa chitengwa. Tsiku lometa litangodutsa, mayi aja anauzidwa kuti azipita kwawo. Anachoka ndi mtolo wa zovala ndi miphika iwiri. Ngolo, ng'ombe ndi nyumba ya malata zinatsala. Ine ndinali mnyamata wa zaka 17 ndipo ndinakhulupirira zonse. Pamene ankatuluka m'mudzi anandiitana kuti atsanzike, koma ndinayang'ana kumbali.

Panapita zaka 18 nkhaniyi ili chigonere. Mu 2014, a bungwe lotolera magazi anabwera pasukulu imene ndinkaphunzitsa, ndipo pofuna kulimbitsa mtima ophunzira anga, ndinayamba ndine kutambasula mkono. Patatha masabata angapo anandiitana. Mayi amene anandilandira anatseka chitseko, nandiuza mofatsa kuti, "Aphunzitsi, magazi anu sitinathe kuwagwiritsa ntchito. Si HIV ayi. Tapezamo kachirombo ka hepatitis B, kamene kamatupitsa chiwindi."

Ndinaseka. Ndinawauza kuti mwina asokoneza mabotolo chifukwa ine sindinkamva kupweteka paliponse, ndipo Loweruka lililonse ndinkamenya mpira ndi anyamata. Iwo anandiyankha kuti nawonso sakudabwa kuti ndili bwinobwino, pakuti chiwindi ndi chiwalo chosadandaula msanga. Chakudza sichiimba ng'oma. Ananditumiza kuchipatala chachikulu, kumene anandiyezanso, ndipo patatha miyezi isanu ndi umodzi kachirombo kanali kakadalipo. Dokotala anati zimenezi zikutanthauza kuti kanakhazikika, ndipo ndikhala nako moyo wanga wonse.

Kufikira tsiku limenelo chiwindi ndinkachidziwira pa mbuzi basi, kuti ndi ndiwo ya akuluakulu. Dokotala uja anandigwiritsa dzanja kumunsi kwa nthiti za kumanja nandiuza kuti m'menemo muli chiwalo cholemera pafupifupi kilogalamu ndi theka. Chimasefa poizoni m'magazi, chimapanga ndulu yogayira mafuta, chimasunga shuga woti thupi ligwiritse ntchito pa nthawi ya njala, komanso chimapanga zinthu zothandiza kuti magazi aziundana munthu akavulala. Chikavulala chimadzikonza chokha, koma chikamavulazidwa chaka ndi chaka chimadzaza zipsera, n'kuuma gwa, ndipo nthawi zina pazipserapo pamabuka khansa. Zikafika pamenepo madzi amadzaza m'mimba, maso amachita chikasu, mitsempha ya kum'mero imatupa n'kuphulika, ndipo poizoni wosasefedwa amasokoneza mutu.

Dokotala akulankhula choncho, ine sindinkaonanso nkhope yake. Ndinkaona amalume ali gone pamphasa.

Funso loyamba limene linandisowetsa tulo linali lakuti kachiromboka ndinakatenga kuti. Kamayenda m'magazi ndi m'madzi a m'thupi a pogonana, choncho ndinaopa kuti mayi a kunyumba adzati ndinkayenda njira zachisawawa. Ndinakhala milungu itatu ndili duu, chikalata cha kuchipatala nditachibisa m'buku la masamu. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Usiku wina ana atagona ndinawauza zonse. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anandifunsa kuti, "Ndiye bambo, milungu yonseyi mumadikira kuti ine ndi ana tidwale kaye?" Ndinasowa choyankha. M'mawa mwake tonse anayi tinali pamzere kuchipatala.

Mayi a kunyumba anapezeka kuti alibe, ndipo anabayitsa katemera katatu. Ana athu awiri, obadwa mu 2008 ndi 2011, nawonso analibe. Dziko la Malawi linayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 2002, wophatikizidwa ndi akatemera ena anayi mu jakisoni mmodzi amene mwana amabayidwa ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Maulendo a kusikelo aja, amene ine ndinkawaona ngati nkhani ya amayi, ndiwo anatchinjiriza ana anga kwa bambo wawo yemwe.

Kuchipatala anandifotokozera kuti munthu wamkulu akatenga kachiromboka, kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha. Mwa akuluakulu 100, osakwana asanu ndi amene amatsala nako. Koma khanda likakatenga pobadwa, mwa makanda khumi, pafupifupi asanu ndi anayi amakhala nako mpaka kalekale. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza kuti mwana azilandira katemera woyamba pasanathe maola 24 chibadwireni. Kuno ku Africa ambiri a ife tinakatenga kwa amayi athu pobadwa kapena tili ana aang'ono. Ndinakumbukira mphini zimene zili pachifuwa panga: ana asanu ndi mmodzi tinandandalikidwa kuseri kwa nyumba n'kutemeredwa ndi lumo limodzi, amati potiteteza kwa afiti. Kachiromboka kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu.

Pa tchuthi ndinapita kumudzi n'kunyengerera abale anga kuti akayezetse. Amayi anapezeka nako. Mlongo wanga wamng'ono anapezeka nako. Mng'ono wawo wa amayi, wobadwa m'mimba imodzi ndi amalume aja, anapezekanso nako. Amalume sanayezedwepo magazi, ndipo manda salankhula, koma nditafotokozera dokotala mmene anadwalira, komanso kuti madzulo aliwonse ankakonda kabotolo ka kachasu, anagwedeza mutu nati chithunzicho akuchidziwa bwino. Chimene chinapha amalume chinali m'magazi a mtundu wathu, osati mumphika wa akazi awo.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unasintha, ngakhale kuti woona kunja sangadziwe. Choyamba kuchoka chinali mowa. Sindinali chidakwa, koma botolo la pa malipiro ndi chipanda cha masese pa zikondwerero za kumudzi sindinkakana. Kusiya mowawo sikunavute ngati kusiya anthu ake. Anzanga ankati ndalowa mpingo watsopano, ena ankati ndadyetsedwa khuzumule. Masiku ano ndimakhala nawo ndithu, kapu ya thobwa ili m'manja, ndipo wofunsa ndimamuuza zoona.

Chachiwiri chinali mtedza, ndipo apa mpamene panandipweteka monga mwana wa ku Mchinji. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zisanaume bwino zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo zambirimbiri zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya chokhala ndi mtedza woonongeka. Satha ndi moto, kaya mukazinge kaya muphike, ndipo akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, chiopsezo cha khansa chimakwera kwambiri. Tsono taganizani zimene timachita kumudzi: timawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, wabwino timagulitsa kwa mavenda, ndipo wofota ndi wowola uja ndi umene timasinja nsinjiro zotendera ndiwo za ana athu. Mtedza sindinausiye, koma kunyumba kwanga timauyanika mpaka uume gwa, timausankha kamodzikamodzi, ndipo wokayikitsa timataya. Matumba a chimanga sagona pansi, amakhala pa mathabwa.

Chachitatu chinali mankhwala. Mbiri ya matenda anga itamveka, alangizi anachuluka. Wina anabwera ndi mizu, wina ndi botolo la madzi akuda logulidwa m'basi, lolembedwa kuti limatsuka chiwindi, impso ndi magazi nthawi imodzi. Onsewa ankandifunira zabwino, koma chilichonse chimene munthu wameza chimakadutsa m'chiwindi, ndipo chiwindi chodwala sichifuna kusenzetsedwa katundu wosadziwika. Ngakhale mapiritsi a mutu ogula pa okala, monga paracetamol, sindimwa mopyola muyezo, ndipo kulikonse kumene ndikulandira chithandizo ndimayamba ndanena za chiwindi changa. Lumo, mswachi ndi chowengera zikhadabo ndili ndi zangazanga. Koma mbale ya nsima timadyera imodzi, pakuti kachiromboka sikayenda m'chakudya, m'kapu, m'moni wa pamanja kapena m'chifuwa. Mitundu ya A ndi E ndiyo imafala kudzera m'madzi ndi zakudya zauve.

Kwa zaka zisanu sanandipatse mankhwala alionse. Ankangondiyeza magazi ndi kuunika chiwindi pa makina miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Mu 2019 zotsatira zinaonetsa kuti chiwindi chayamba kuvulala, ndipo anandiyambitsa tenofovir, piritsi limodzi pa tsiku. Sachotseratu kachirombo ngati mmene mankhwala a masiku ano amachizira hepatitis C m'miyezi yochepa, koma amakafooketsa kuti kasachulukane, ndipo chiwindi chimapeza mpumulo. Anandichenjeza kuti ndisadzayerekeze kusiya ndekha, chifukwa kachirombo kakhoza kudzuka mwaukali. Mankhwala omwewa alinso m'gulu la ma ARV, choncho manong'onong'o sanachedwe. Poyamba ndinkalimbana ndi kufotokozera aliyense kuti anga si matenda amene akuganizawo. Kenaka ndinadzimvera chisoni: ndinali kuchita kwa anzanga a pamzere zomwe zija tinachita kwa akazi a amalume, kuloza chala kuti ine ndioneke woyera. Ndinasiya.

Sindili ndekha. Malinga ndi WHO, mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali ndi hepatitis B yokhazikika, oposa miliyoni imodzi anamwalira nayo m'chaka chimenecho, ndipo ambiri mwa amene ali nayo sadziwa. Kachiromboka kanatulukiridwa m'zaka za m'ma 1960 ndi Baruch Blumberg, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1976, ndipo tsiku lake lobadwa, 28 Julaye, ndilo dziko lapansi limakumbukira matendawa. Ndikaganiza kuti amalume ankamwalira patatha zaka makumi atatu chinsinsi chawo chitaululika kale kwina, mtima umandiwawa. Nzeru zinalipo, koma sizinafike pabwalo la mudzi wathu.

Panali ngongole imodzi imene piritsi silikanandibwezera. M'chilimwe cha 2016 ndinakwera njinga n'kupita kumudzi kwa akazi a amalume. Ndinawapeza atakhala pakhonde, imvi zili mbuu, akuswa mtedza. Anandizindikira msanga. Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse: za magazi anga, za amayi, za mlongo wanga, za mmene chiwindi chimaphera munthu. Pomaliza ndinati, "Amayi, tinakulakwirani. Amalume simunawadyetse."

Anapitiriza kuswa mtedza kwa nthawi ndithu osandiyang'ana. Kenaka anati, "Mwana wanga, ine ndinkadziwa kuti manja anga ngoyera. Koma mkazi wobwera akanamumvera ndani?" Sanalire. Anangondifunsa ngati ana anga ali bwino, ndipo nditavomera anati zimenezo ndiye zofunika. Ng'ombe ndi nyumba zija sindikanatha kuwabwezera, zaka makumi awiri za kutchedwa mfiti sindikanathanso kuzifufuta. Chimene ndinatha n'kukanena mawu omwewo pamaso pa akuluakulu a kwathu ndi anyakwawa, ndipo ena anavomereza, ena mpaka lero amakana.

Pondiperekeza anandipatsa kathumba ka mtedza. Tisananyamuke ndinawapempha lichero, ndipo tinakhalanso pansi awiriwiri n'kusankha, ine ndikuwaonetsa woyenera kutaya.

Lero ndikupitirizabe kugwira choko, ndipo piritsi langa ndimamwa m'mawa uliwonse ndisanapite kukalasi. Inu amene mukuwerenga, ngati kwanu kunamwalirapo munthu ali ndi maso achikasu ndi mimba yotupa, musanafunse kuti anamudyetsa ndani, pitani mukayezetse magazi, ndipo mutengane ndi abale anu a bere limodzi. Dontho la pachala ndi lokwanira, ndipo yankho silichedwa.