Njira ya Njinga Zokha

Ku France kuli njira zimene magalimoto saloledwa kupondamo. Anatenga modutsa njanji zakale ndi tinjira ta m'mbali mwa ngalande, monga Canal du Midi, n'kuzikonza kuti zikhale za njinga ndi oyenda pansi. Munthu amapalasa mtunda wautali osamva hutala kumbuyo.

Kwathu ku Nkopola si choncho ayi. Msewu wa M10, wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, timalimbirana tonse: maminibasi, malole, akabaza ngakhalenso mbuzi. Amalume amanyamula usipa panjinga m'mbandakucha. Lole likangolira kumbuyo, iwo amathawira kumchenga, dengu n'kupendekeka. Patchuthi ndimawaperekeza, koma mtima umakhala uli m'mwamba ulendo wonse.

Komatu tinjira tathu tilipo, todutsa m'midzi, pansi pa milambe ndi migwalangwa, nyanja ikunyezimira chakum'mawa. Kumeneko galimoto silifika. Vuto ndi mchenga basi: tayala limatitimira, munthu n'kutsika kumakankha, thukuta lili kamukamu.

Ine sindikupempha phula. Akanangothira dothi lolimba pakanjira kamodzi, kuchokera ku Nkopola kukafika pa Makawa, amalume akanamafika kumsika usipa usanafewe.