Makina sapereka basela

Loweruka lapitali ndinakwera matola pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, kukagula usipa. Ndinapeza asodzi akukokera mabwato kumtunda, nsomba zili mbuu pathandala.

Mayi amene ndimawagula anayamba andifunsa kaye za kunyumba. Tinanenerera mtengo, ndinalipira pafoni, iwo n'kutapa dzanja limodzi la basela. "Kapatseni ana, aphunzitsi," anatero.

Pobwerera ndinaganiza za mkangano umene uli ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko masitolo akuluakulu anaika makina oti wogula aziwerengetsa yekha katundu n'kulipira popanda wogulitsa. Eni masitolo amati mizere imafupika, pomwe antchito amaopa kuchotsedwa. Mu 2023 kampani ya Booths ku England inachotsa makinawa m'masitolo ake ambiri, ponena kuti ogula akufuna kuthandizidwa ndi munthu.

Sindidana ndi makina. Foni yomwe ija yapezetsa ntchito achinyamata ambiri amene ali m'tizisakasa ta Airtel Money ndi Mpamba kuno ku Salima. Koma ophunzira anga a Fomu 4 amene sapeza malo kukoleji, ena chiyembekezo chawo ndi ntchito ya m'sitolo. Makinawa asanafike kuno, tifunse kaye: anawa adzalowera kuti?

Komanso malipiro akachedwa, mayi aja amandipatsa usipa pangongole chifukwa amandidziwa. Nanga makina angandidziwe?