Msika wa Liwonde ndi Masamba a pa Intaneti

Munthu wolowa mu msika wa Liwonde safuna womtsogolera. Akafuna usipa kapena chambo apita kwa a nsomba. Tomato ndi anyezi ali mbali yao, zobvala za kaunjika ziri kwina. Amene anayala msika chotere anadziwa kanthu kakakulu: zofanana zikhale pamodzi, ndipo chiri chonse chichedwe dzina limene wogula alidziwa.

Anzanga, nzeru yomweyi ifunika kwa anthu okonza masamba a pa intaneti, koma ambiri a iwo alibe. Pa chuti chapitachi achemwali anga anandipempha kuti ndiwapezere fomu ya maphunziro a unamwino pa tsamba la koleji ina. Tinayang'ana pa mau onena za maphunziro, palibe. Tinayang'ana pa za ophunzira atsopano, tinapeza chithunzi cha akuluakulu ali kudula riboni. Chithunzicho chinali cholemera zedi, ndipo chinadya bandulo yathu ife tiri kupenya. Fomuyo tinaipeza m'mawa mwake, ndi bandulo yachiwiri, itabisala pansi pa mau akuti Resources, tsiku lotseka litatsala pang'ono. Kodi ndani kwathu kuno akafuna fomu aganiza za mau amenewo? Wokonzayo anaika zinthu monga ziri m'maofesi mwao, osati monga ziri m'mutu mwa wozifuna.

Tsono taonani Mpamba wa TNM. Mukaimba *444#, foni ikupatsani mizere yowerengeka, uli wonse ndi nambala yake. Musankha umodzi, ibwera ina yowerengekanso. Amai anga analekeza sukulu mu Sitandade 4, koma atumiza ndalama okha, pakuti pa mphambano iri yonse njira ziri zochepa, ndipo manambala ake anawaloweza.

Maina nawonso asokeretsa. Machinga kale inali Kasupe, ndipo Balaka inali mbali ya Machinga kufikira 1998, pamene inakhala boma palokha. Agogo anga a ku Utale mpaka lero anena kuti kwao ndi ku Kasupe. Wokonza mndandanda wa maboma ayenera kukumbukira anthu otere.

Aphunzitsi athu ati chaka chamawa sukulu yathu idzakhala ndi tsamba lake. Ine ndipempha kuti lisanatuluke tiitane mwana wa Fomu 1 ndi kholo limodzi, tiwauze apeze tsiku lotsegulira sukulu ndi mtengo wa fizi, ife tikhale chete tiri kuwerenga kuti adina kangati.