Agogo, musamve kwa ena

Agogo,

Pamaliro anu aliyense amene anaimirira anati munali mayi wosadandaula. Amayi a Mvano ananena, amfumu anabwereza. Tsopano tikukonza zomanga chiliza tikagulitsa nandolo, ndiye mng'ono wanga wa ku Joni watumiza uthenga pa WhatsApp kuti mawu omwewo alembedwe pamwalapo. Ine ndakana. Ndati ndikuuzeni ndekha chifukwa chake, musanamve kwa ena kuti mdzukulu wanu wayamba mwano.

Munkadandaula, Agogo, ndiponso mokweza. Mukamasinja m'mamawa mudzi wonse unkadziwa kuti msana ukupweteka, kuti ife timadya ngati dzombe, kuti inu munalera kale anu ndipo ino inali nthawi yoti muziwothera dzuwa pakhonde wina akukuphikirani phala. Simunkanama. Pakati pa 1995 ndi 2003 munaika m'manda ana anu anayi, mmodzi mwa iwo amayi athu. Masiku amenewo matendawo sankatchulidwa pamaliro. Wolankhula m'malo mwa banja ankangoti malemuwa adwala nthawi yaitali, anthu kuseli n'kumanong'onezana za kaliwondewonde kapena matenda a boma. Ma ARV anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, amayi aang'ono atagona kale kumanda. Maliro aliwonse ankakusiyirani ana. Wina anachokera ku Ndirande ndi zovala zake m'jumbo, wina ku Bangwe wopanda ndi bulangete lomwe, poti akuchimuna anali atasesa m'nyumba monse. Atsikana anadzaza m'kuka mwanu, anyamata mukatikankhira kugowelo, inu mukung'ung'udzabe.

Koma pakamwa pomwepo ndi pomwe pankachokera nthabwala. Anyamata tonse tinali "amuna anga", atsikana "akazi anzanga". Ndikaweruka kusukulu, mapazi ali mbuu, munkandilonjera muli chikhalire: "Amuna anga, lero mwabweranso chimanjamanja? Sopo ali kuti? Ine ndikusiyani, ndikakwatiwa ndi wogulitsa usipa ku Lunzu." Ndinkalira, anzanga akuseka. Achemwali mukawapeza akudzola mafuta munkati akufuna kukulandani banja.

Ndazindikira ndili ndi ana anga kuti nthabwala zimenezo zinali ndi ntchito. Pachikhalidwe chathu mayi sauza mwana wake za kuchipinda. Amachita naye manyazi. Agogo ndi mdzukulu alibe malire amenewo. Ndiye ndevu zitayamba kumera, munandiitana mukusenda chinangwa, n'kunena mosapsatira zonse zimene aphunzitsi ankazilambalala. Inu, mayi wovala zoyera Lachinayi lililonse, munatchula kondomu osatsitsa mawu. Munati, "Zakumwamba ukakambirana ndi abusa. Ine ndatopa kuona adzukulu akukumbira ana anga." Sindinakuyang'aneni kumaso masiku angapo. Lero ndili moyo, ndipo asuweni anga onse ali moyo.

Za njala ya 2002 anthu amakonda kusimba kuti agogo ankanamizira kukhuta kuti ana adye. Mwina kwina zinali choncho. Kwathu ayi. Chimanga chitasowa pa ADMARC, anthu akugona pamzere, inu munkapita kuganyu ndi khasu pa ukalamba wanuwo, n'kubwera ndi kabeseni ka madeya. Munathetsa kudyera mbale imodzi chifukwa akuluakulu ankamaliza ang'ono asanatapeko. Aliyense mtanda wake, woyezedwa ndi chipande chimodzi, ndipo wanu munkadya wonse tikuona. "Ndikafa ine, mutsala ndi yani?" Pa nthawiyo ndinkaona ngati nkhanza. Inu munali mutaiona kale njala ya 1949, muli kamtsikana kongotha msinkhu, pamene amuna ambiri a kuno ku Lirangwe anapita kukasuma ku Ntcheu ndi ku Mwanza, ena osabwereranso, abambo anu ali m'gulu lomwelo. Munkadziwa kuti nyumba imagwa akagwa wophika. Ndi njala yomweyo imene tinawerengera zaka zanu pokalembetsa chiphaso cha unzika mu 2017, poti chaka chobadwa simunkachidziwa.

Nthano munali nazo zochepa, ndipo munkazibwerezabwereza. Mukati "Padangotero" ife n'kuyankha "Tili tonse", Kalulu asanafike n'komwe pachitsime inu mwayamba kale kusinza. Tinkakugwedezani, n'kudzidzimukira pa nthano ina. Mpaka lero pali nthano ziwiri zimene ana anga amazidziwa ngati imodzi.

Koma pali nkhani ya achemwali, ndipo ndi imene yandikanitsa mawu aja. Sukulu ya pulayimale inali yaulere kuyambira 1994, choncho tonse tinalowa, ngakhale ena opanda nsapato. Kusekondale kunkafunika fizi. Achemwali anasankhidwa chaka chimodzi ine ndisanasankhidwe, ndipo anali anzeru kundiposa. Izi aphunzitsi ankanena poyera. Mbuzi zinali zokwanira mwana mmodzi. Munasunga mbuzizo kudikira ine, achemwali n'kutsala akutunga madzi, akubereka ana a amayi aang'ono kumbuyo, akukuthandizani kufutsa nkhwani ndi khwanya. Anakwatiwa asanakwane zaka 18. Patapita zaka, ndikukupatsani ndalama ya malipiro anga oyamba, simunavine. Munaipinda pakona ya chitenje n'kunena kuti, "Mwana uja ndinamulakwira." Mayi wosadandaula sakananena zimenezo. Akanati chinali chifuniro cha Mulungu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tikamatamanda agogo a m'dziko muno kuti ndi olimba mtima, timadzipeputsira tokha. Timaiwala kufunsa kuti amalume anali kuti, mpingo unali kuti, boma linali kuti pamene nkhalamba inkalima ganyu kuti idyetse ana asanu ndi atatu. Ndalama za Mtukula Pakhomo zinayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo pamene zinkafika kwathu ambiri a ife tinali titakula. Inu munasenza katunduyo mukunena kuti ndi wolemera, ndipo wina mwa ife anakusenzetsani ndi moyo wake wonse.

Ndiye Loweruka lapitali mbumba yanu inakhala pansi, amalume otsalawo ali pomwepo. Panali mawu ndithu, makamaka kuchokera kwa asuweni awiri amene ankafuna dimba lanu lija ligawidwe. Tamvana kuti siligawidwa: lonse ndi la achemwali, pamodzi ndi nthochi zanu za m'mphepete mwa mtsinje. Ife atatu amene tili pantchito tizisonkha fizi ya ana awo mpaka amalize. Wamkulu, mtsikana, wasankhidwa, ndipo ayamba Fomu 1 mu September.

Ndine mdzukulu wanu.